Khadi la Kuseri kwa Chitseko

Zaka khumi ndi zinayi ndinkalandira malipiro
chifukwa cha zinthu zimene sizinachitike.

Dzina langa ndi Edileuza.
M'tauni yathu ino, m'mapiri a ku Pernambuco,
agalu a m'misewu isanu ndi iwiri anasiya kalekale kundiuwa.
Ndinkakwera makwerero ogwedera a eni ake
kukasuzumira m'mathanki a padenga,
tochi kukamwa, chikwama chachikasu kumsana,
kusaka timphutsi tovina m'madzi
tisanamere mapiko ndi miyendo ya mawanga oyera.
Ndinkavundikira zidebe. Ndinkaboola matayala akutha.
Kumanda ndinkathira mchenga m'miphika ya maluwa
uku ndikupepesa kwa ogonawo.
Ngakhale kachitsekerero ka botolo la mowa
ndi chikuta cha udzudzu, ndinkatero,
iwo n'kumaseka, n'kunditsirira khofi.
Potuluka ndinkalemba tsiku ndi dzina langa
pa khadi lomata kuseri kwa chitseko.

Tinalipo makumi atatu ndi mmodzi.

Tsiku la bajeti, mu holo ya khonsolo,
fani imodzi inali yakufa, inayo ikupukusa mutu ngati ikukana.
Msungichuma, bambo Genivaldo, si munthu woipa.
Tinkakhala benchi imodzi kusukulu,
ndipo tayala la kuseri kwa bafa la mayi ake ndinachotsa ndine.
Anati ndalama zochokera kumtunda zabwera zoperewera,
maenje a mumsewu akuoneka ndi maso,
ambulansi ikufuna injini.
Kenaka anatiyang'anira pamwamba pa magalasi:
"Chaka chatha odwala anali ochepa.
Nanga chigulu chonsechi mukulimbana ndi chiyani?"

Ndinatsegula pakamwa.
Ndikanamuonetsa chiyani?
Bedi la m'chipatala limene sipanagone munthu?
Bokosi laling'ono limene kalipentala sanakhome?
Mwana amene sanadwale alibe fayilo.
Ali kubwalo, akumenya mpira,
sadziwa n'komwe kuti anapulumuka Lachiwiri lina
pamene ndinakankha ndowa ndi phazi.

Makhansala anakweza manja.
Anasiyako asanu ndi anayi, ine sindinali m'gulumo.
Tochi ndinabweza, n'kusainira.
Mabatire anali ogula ndekha,
koma ndinachita manyazi kuwachotsa.

Masiku ano ndimakulunga buledi m'sitolo ya mayi Zuleide.

Mvula inayamba mu Epulo, yosamva za bajeti.
Inadzaza chilichonse chimene chinayang'ana kumwamba.
Pofika Juni mzere wa kuchipatala
unatulukira pageti, n'kukhotera pa sitolo ya mankhwala,
anthu atagwira mitu, maso akuwawira m'kati,
malungo aja othyola mafupa.
Ndalama zinapezeka.
Kumene zinabisala sindikudziwa.
Anachita hayala galimoto yopopera utsi, ya chimkuzamawu pamwamba.
Imadutsa madzulo, ana akuithamangira,
wojambula zithunzi ali pambuyo.
Utsi umaoneka.
Ine sindinkaoneka.

Dzulo ndinakapepesa maliro kwa Josenildo, wokonza njinga zamoto.
Za mwanayo sindinena;
dzina lake ndi la makolo ake, si langa loti ndizitchula pagulu.
Nyumba inadzaza, ndinasowa poima,
mpaka anthu anandikankhira kuseri kwa chitseko.
Khadi lija likadalipo, lapindika m'makona,
nyerere ikuyendapo.
Mzere womaliza ndi dzanja langa:
9 Novembala, Edileuza.
Pansi pake timabokosi topanda kanthu,
timabokosi, timabokosi,
mpaka pothera pepala.

Palibe anandiloza chala.
Mayi a mwanayo anandigwira dzanja
n'kundifunsa ngati ndamwa khofi.

Potuluka, m'mbali mwa mpanda,
ndinaona chigoba cha kokonati chili chagada,
chitadzaza madzi a mvula ya usiku.
Ndinayang'ana uku ndi uku ngati wakuba,
n'kuchigubuduza ndi phazi.